Za Wanchito Wofuna Kucoka, ndi Masiku Ace Otsala

Kuwerenga: Genesis 30:25-36 ndi 31:17-55.

Mwa nkhani zonse za makolo a Israyeli, palibe ina yokhudza munthu wolembedwa nchito koposa nkhani ya Yakobo m'mudzi wa Labani. Iye anafika ku Harana wopanda kanthu, nakhala mkamwini pa khomo la malume ace. Anaweta zoweta zaka 7 kuti akwatire Rakele, nanyengedwa, napatsidwa Leya, nawetanso zaka 7 zina. Ndipo atabadwa Yosefe, Yakobo anaona kuti mangawa ace atha, napita kwa mpongozi wace kukapempha citengwa, kuti amuke kwao pamodzi ndi akazi ace ndi ana ace. Cimeneci ndico cimene anchito a makono acicha kupereka notisi. Koma Labani sanafuna kumtaya, pakuti anazindikira kuti makola ace adzala cifukwa ca mkamwini ameneyu. Motero anamuuza kuti achule yekha malipiro amene afuna, angokhala. Yakobo anafunsa kuti nanga banja la iye mwini adzayamba liti kulisamalira. Komabe anabvomera, ndipo pempho la tsiku limodzi linasanduka zaka 6.

Funso la Yakobo limveka kufikira lero m'mudzi wa Kafue, umene uli ngati makilomita 45 kumwera kwa Lusaka. Mudziwu unabadwa ndi nchito. M'caka ca 1906 amisiri a njanji anamanga ulalo wacitsulo pa mtsinje wa Kafue, wa zigawo 13, utali wace mamita 427, kuti sitima yocokera ku Livingstone ipitirire ku Broken Hill, kumene tsopano kuchedwa Kabwe. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linaimika pamenepo fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kugwira mu 1970, ndi fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles. Kumunsi kwa mtsinje, m'cigwa copapatiza ca Kafue Gorge, madzi anayamba kupanga magetsi. Ndipo makina a ku Iolanda atunga madzi a mtsinjewo ndi kuwatumiza ku Lusaka. Pambuyo pace panabweranso fakitale yosungunula zitsulo. Ana ambiri a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke anatsata nchito zimenezi, kotero kuti m'mipingo yambiri ya kumidzi muli makolo amene mwana wao, kapena mphwao, kapena mkamwini wao adyera pa malipiro a ku Kafue. Cifukwa cace mlandu wa notisi suli wa anthu a m'tauni okha. Ufika ndi kumudzi komwe, mwa kalata kapena mwa lamya, ndipo akuru afunsidwa nzeru.

Mlanduwo ukhala wotere. Munthu wagwira nchito zaka zambiri pa malo amodzi, ndipo kwina amuitana ndi malipiro oposa. Pamenepa palibe cimo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Mulungu mwini ndiye anauza Yakobo kuti abwerere ku dziko la makolo ace. Koma pofunyulula pangano lace la nchito, limene analisaina kale lomwe ali ndi njala, osaliwerenga, apeza kuti ayenera kucenjeza bwana wace miyezi 3 asanacoke. Pomwe bwana watsopano anena kuti adikira masabata 4 okha, pakuti ofuna malowo ali ambiri pakhomo. Tsono munthuyo aima pakati pa mapanga awiri, mvula irikudza.

Agogo a owerenga ambiri anaudziwa mlandu umenewu m'maonekedwe ena oopsa. M'masiku a atsamunda munthu anagwira nchito ya tikiti: kapitao analemba cizindikiro tsiku ndi tsiku, ndipo malipiro anaturuka pokhapokha masiku 30 atakwana, osawerengera Masabata kapena masiku a kudwala, kotero kuti tikiti imodzi inadya nthawi yoposa mwezi. Amene anatengedwa pa cibalo, kupita ku migodi ya Wankie kapena ya Johannesburg, anamangidwa ndi pangano la miyezi yambiri. Ndipo m'Northern Rhodesia, mwa lamulo la 1929 la kulemba anthu akuda nchito, kucoka nthawi isanakwane kunali mlandu wa kwa bwanamkubwa ndi apolisi ace: wothawa nchito anagwidwa, nalipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende. Ku Southern Rhodesia bwana analemba pa citupa tsiku la kulowa ndi tsiku la kuturuka, ndipo munthu amene citupa cace cinalibe dzanja la bwana lomumasula sanathe kulembedwa kwina. Bungwe la maiko loyang'anira za anchito, lokhala ku Geneva, linatsutsa zilango zotere mu 1939, nilinenanso mu 1955 kuti zithetsedwe konse; ndipo mu 1961 anthu a kumpoto kwa dziko lino anasonkhanitsa zitupa zao nazitentha.

Unyolo umenewo unaduka, ndipo Akristu ayenera kuyamika. Lamulo la nchito la Zambia la 1965 linalowedwa m'malo ndi lina mu 2019, ndilo Employment Code Act, limene liletsa kugwiritsa munthu nchito mokakamiza. Linena kuti kumene pangano silichula za notisi, wolemba nchito acenjeze wanchito wace wokhalitsa masiku 30, ndi kuti pa pangano lopitirira miyezi 6 cenjezolo likhale lolembedwa. Bwana wosapereka masikuwo alipire ndalama zace m'malo mwace. Ndipo wanchito akakana kugwira m'masiku a notisi, bwana akhoza kudula ndalama za masikuwo pa zimene munthuyo akanalandira pocoka. Koma kumene awiriwo anapangana okha nthawi yaitali, monga miyezi 3, panganolo ndilo liwagwira. Motero wocoka msanga lero saopa wapolisi. Cimene angataye ndico ndalama, ndi dzina.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yonse. Kale munthu anamangidwa ndi citupa. Lero cimene cimanga Mkristu ndiwo mau a iye mwini. Ndipo ena, poona kuti ndodo yacoka, ayesa kuti palibenso comangira, ngati mbuzi imene yazolowera cingwe, niyesa kuti munda wa mwini uli wace tsiku limene cingwe caduka. Koma mau amene munthu waika dzanja lace pansi pace ali ngongole, ngakhale palibe msilikali woilonjerera. Ambuye anaphunzitsa pa phiri kuti kubvomera kwa wophunzira wao kukhale kokwanira pakokha popanda lumbiro. Nanga kubvomera kolembedwa ndi inki kudzakhala kopepuka bwanji? Ndiponso notisi yaitali siikhala nkhanza nthawi zonse. M'fakitale ya feteleza muli mpweya waukali wopanikizidwa m'mipope, ndi madzi otentha thupi, zimene mlendo sangaphunzire kuzisamala m'sabata limodzi. Woyang'anira makina otunga madzi akacoka usiku osasiya wina wodziwa, amene avutika si bwana yekha, koma amai a ku Matero ndi ku Kanyama amene adzapeza mpope wouma m'mawa. Mphunzitsi wosiya ana mayeso ali pafupi, ndi namwino wosiya odwala, adziwa okha amene alipira ulendo wao.

Wina adzayankha ndi mwambi uja wakuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mwambiwo uli woona, koma uyenera kuikidwa pa malo pace. Herode analonjeza, ndipo kusunga lonjezo lace kunali kupha munthu wosalakwa. Lonjezo lotere liyenera kuthyoledwa ndi kulapa. Koma kugwira miyezi 3 pa nchito yoyenera, yolipidwa, sikuli kupha munthu. Kuli kowawa cabe, ndipo kuwawa pakokha sikumasula munthu ku mau ace. Cimene mwambiwo uphunzitsa wanchito ndico kuwerenga pepala asanalisaine, ndi kuliwerenganso asanapite kukafuna nchito kwina.

Pakhale fanizo la mmisiri wokonza makina pa kampani ina ya m'Kafue, Mkristu wa mumpingo, amene waitanidwa ku nchito yoposa ku Lusaka. Anzace a pa shapu amlangiza njira zitatu zozolowereka: kulandira malipiro a kutha kwa mwezi ndi kuzimirira, kugula kalata ya kudwala, kapena kunena kuti kumudzi kwagwa maliro, ndi kukayamba nchito yatsopano m'masiku a malirowo. Usiku auza mkazi wace, ndipo mkaziyo, amene adziwa mtengo wa ufa ndi wa sukulu koposa mwamuna, anena, "Atate ace a mwana, malipiro amenewo tiwafuna ndithu. Koma mukapha amai anu ndi pakamwa ali moyo, tsiku limene adzamwalira zoona mudzapempha cilolezo kwa yani? Pitani kwa akuru a mpingo musanacite kanthu."

Mkuru wa mpingo, amene anapuma pa nchito ya njanji, amva zonse, nafunsa funso limodzi: "Mwana wanga, kodi bwana wakoyo wamfunsa?" Mmisiri ayankha, "Iai, atate. Ndidziwa kuti adzakana." Ndipo mkuruyo ati, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wamkanira wekha iye asanakane. Yakobo poyamba anapita kukaima pamaso pa Labani. Iwenso yamba pamenepo."

Langizo la mkuru ameneyu liyenera kulongosoledwa, pakuti ambiri agwa m'bodza cifukwa cosadziwa kuti khomo loongoka liripo. Nthawi ya notisi ikhoza kufupikitsidwa ngati awiriwo abvomerezana. Wanchito alembe kalata yace yaifupi, yaulemu, yochula tsiku, nasunge ina yofanana nayo, pakuti masiku ayamba kuwerengedwa pamene kalata yalandiridwa, ndipo sabata limene munthu acedwa alikusinkhasinkha liri sabata loonjezeka pa ukaidi wace. Atatero apemphe kuonana ndi bwana maso ndi maso, asapite ndi dandaulo, koma ndi cinthu m'manja: achule munthu amene angalowe m'malo mwace, alonjeze kumphunzitsa, alembe m'buku matenda a makina onse amene iye yekha awadziwa, anene nchito zimene adzatsiriza asanacoke. Bwana asunga munthu miyezi 3 cifukwa aopa dzenje limene lidzatsala. Dzenjelo likakwiriridwa m'masabata 6, kawirikawiri alibenso cifukwa ca kulipira munthu amene mtima wace unapita kale. Mapangano ambiri alola kuti wocoka alipire ndalama m'malo mwa masiku otsala, ndipo nthawi zina bwana watsopano, ngati amfunadi munthuyo, athandiza kulipira. Masiku a chuthi amene munthu sanapume akhozanso kuwerengedwa, bwana akalola. Ndipo conse cimene apangana cilembedwe; mau a pakamwa a kapitao aiwalika tsiku la malipiro.

Kwa bwana watsopano nakonso coonadi cinenedwe kuyambira tsiku loyamba. Ambiri, pofunsidwa kuti angayambe liti, ayankha kuti ngakhale mawa, poopa kutaya malo. Nadzikumbira okha mbuna. Koma wolemba nchito wanzeru, akamva munthu alikunena kuti sangasiye mnzace m'madzi, adziwa kuti tsiku lina iyenso sadzasiyidwa m'madzi. Si onse ali anzeru motero, ndipo mlaliki wolonjeza kuti woona mtima sataya kanthu anena zimene Malembo sanena.

M'fanizoli bwana wakale alola miyezi 2 m'malo mwa 3, ndipo watsopano abvomera kudikira. Pamenepo ndipo ciyeso ceniceni ciyamba, pakuti masiku a notisi ali masiku acilendo. Munthu ali pamalo, koma sawerengedwanso wa pamalo. Nkhope ya bwana yasintha, monga nkhope ya Labani inasinthira Yakobo. Anzace anong'onezana, monga ana a Labani anacita. Misonkhano icitika iye osaitanidwa, ndipo nchito zonyansa zimene ena azikana ziponyedwa kwa iye. Mtima umuuza kuti, adzandicita ciani, ndine wopita? Ayamba kufika dzuwa litakwera. Bauti imene kale akanaimanga kawiri aisiya yolobodoka, popeza ikadzamasuka iye adzakhala ali ku Lusaka. Koma dzanja limene lidzaphwanyidwa ndi makinawo lidzakhala la mnzace amene anadya naye nsima zaka 10. Mtumwi Paulo, polembera Akolose, anatsutsa utumiki wocitira diso la munthu. Ndipo palibe nthawi ina imene utumiki uyesedwa kuti unali wa diso kapena wa mtima koposa mwezi wotsiriza, pamene diso silingathenso kukweza kapena kutsitsa munthu. Malipiro a mwezi umenewo ali athunthu. Nchito yacenso ikhale yathunthu.

Lilime nalonso limasuka m'masiku amenewa. Zonse zimene munthu anazimeza zaka zambiri zifuna kuturuka, ndipo pa mowa kapena pa msika wa nsomba ayamba kuulula zinsinsi za kampani ndi kunyoza akapitao. Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Amisiri a nchito imodzi m'dziko lino adziwana. Msewu wa ku Lusaka uyendedwa m'ora limodzi, ndipo mau ayenda msanga koposa basi. Lamulo likakamiza bwana kupereka kalata yosonyeza kuti munthu anagwira kwa iye nchito yakuti, kuyambira tsiku lakuti kufikira lakuti. Koma silimkakamiza kulemba kalata yoyamika makhalidwe ace. Imeneyo munthu adzilembera yekha ndi mayendedwe ace, makamaka a kumapeto, pakuti ndiwo akumbukika.

Ndipo pali cinthu cacitatu, cimene nkhani ya Yakobo icionetsa poyera. Pocoka ku Harana, Rakele anatenga timafano ta atate wace, natibisa m'cokhalira ca ngamila, mwamuna wace osadziwa. Yakobo anali ndi mlandu wolungama: zaka 20 za thukuta, ndi malipiro osinthidwa kakhumi. Koma kanthu kakang'ono kobedwako ndiko kanapatsa Labani mphamvu ya kufunyulula mahema onse ngati wofunafuna mbala. Ndipo Yakobo, podzikhulupirira, anachula imfa pa ali yense amene akapezeka nako, osadziwa kuti alikuweruza mkazi wace wokondedwa. Anchito ambiri ali ndi timafano tao. Wina anyamula masipanala, nati ndiwo malipiro a maora amene sanandilipire. Wina atenga maina a ogula kuti akawakokere kwa bwana watsopano. Wina akopera mapepala a kampani m'kompyuta yace. Wina acita ngati kapitao wa m'fanizo la pa Luka 16, amene atamva kuti nchito yace yatha anaitana amangawa a mbuye wace, nasandutsa miyeso 100 ya mafuta kukhala 50, ndi 100 ya tirigu kukhala 80, kudzigulira abwenzi ndi cuma ca mwini. Ambuye anamchula munthuyo wocenjera, koma anamchulanso wosalungama. Amene ali ndi mangawa enieni kwa bwana wace ali ndi njira: ofesi ya Leba iripo, ndi bungwe la anchito liripo. Sipanala ya m'thumba isandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu. Samueli, potula udindo wace ku Giligala, anaitana mtundu wonse kuti unene ngati anatengapo ng'ombe kapena buru wa munthu, ndipo panalibe womtsutsa. Mkristu apereke makiyi, zipangizo ndi mabuku mwa kuwerenga pamodzi ndi wolandira, ndipo onse awiri asaine.

Koma mau awa sali a anchito okha, ndipo mpingo umene ulalikira kumvera kwa wolembedwa, nukhala cete pa macitidwe a wolemba, uli ndi muyeso wonyenga. Anthu a ku Kafue adziwa kuti notisi icokeranso ku mbali inayo. Kuyambira mu 1992, pamene boma linayamba kugulitsa makampani ace, ndipo nsaru za kunja ndi salaula zinadzaza misika, fakitale ya nsaru inafooka kufikira makina ace analeka kulira. Mabanja ambiri anauzidwa kuti nchito yatha, ndipo ambiri m'dziko lonse anadikira zaka kuti alandire ndalama zao za kucoka. Wolemba nchito amene afuna miyezi 3 kwa wanchito wace, koma iye mwini acotsa munthu ndi mau a m'mawa umodzi, kapena akhala miyezi osalipira, wayamba ndiye kuthyola pangano, ndipo asadabwe akapeza khola lopanda mbusa. Cilamulo ca Mose cinaletsa kuti malipiro a wolembedwa agone m'nyumba ya womlemba. Ndipo Yakobo mtumwi ananena kuti malipiro obisidwa a okolola ali ndi liu limene lifika kwa Mulungu. Pa Deuteronomo 15 ngakhale kapolo Mhebri, atatumikira zaka 6, anayenera kumasulidwa caka ca 7, osati cimanjamanja, koma ndi gawo la zoweta, la dzinthu ndi la vinyo. Ngati kapolo anatsazikidwa motero, nanga mfulu?

Cimo la Labani linali lakuti anayesa dalitso limene linadza mwa Yakobo ngati cifukwa ca kumtsekera Yakoboyo. Mabwana otere alipo: asunga munthu kufikira tsiku lotsiriza, osati popeza amfuna, koma kuti malo ace atsopano atayike, ndi kuti otsala aope. Ndipo ici sicicitika m'mafakitale mokha. Mlimi wa kumudzi amene ali ndi mnyamata woweta ng'ombe, mai wa m'tauni amene ali ndi mtsikana wolera ana, mwini cigayo, ngakhale akuru oyang'anira sukulu kapena cipatala ca mpingo, onsewa ali pa mpando wa Labani tsiku limene wanchito wao adza kudzatsazika. Kumana mtsikana malipiro ace otsiriza, kapena kumsungira kalata zace za sukulu kuti asacoke, ndiko kuukitsa citupa cimene makolo anacitentha.

Utsala mlandu wobvuta koposa, umene suyenera kulumphidwa. Bwana wakale wakana konse, watsopano sadikira, ndipo ana ali ndi njala. Kodi Mkristu acite ciani? Ngati pangano lilola kulipira m'malo mwa masiku, wocoka nalipira sanathyola mau ace. Wasankha khomo limodzi mwa makomo awiri amene panganolo linatsegula. Ngati malipiro ace sanaperekedwe miyezi, kapena nchito iika moyo wace pangozi, apite ku Leba, pakuti cingwe cinaduka kale ku mbali ya bwana. Koma ngati palibe cimodzi ca izi, ndipo munthu atapemphera ndi kufunsa akuru atsimikiza kuti apite, apite masana: anene tsiku, apereke makiyi, alole kudulidwa ndalama zimene lamulo lilola, ndipo asadzinamize kuti sanasiya ngongole. Ena adzasankha kukhala, nadzaona malo abwino alikutengedwa ndi wina; amenewa mpingo usawaseke ngati opusa, ndipo usangowauza kuti Mulungu adzawapatsa zina, koma uwathandize ndi ufa ndi kuwafunira khomo lina. Pakati pa wopita masana ndi wokhala, Malembo asiya malo a cikumbu mtima. Cimene sasiyira malo ndico maliro abodza, kalata yogula ya dokotala, ndi kulandira malipiro a masiku amene munthu adziwa kuti sadzawagwira.

Yakobo mwini sanapita masana. Anayamba bwino, pakuti anaitana Rakele ndi Leya kubusa, nawafotokozera zonse, osasamutsa banja ngati katundu. Koma anadikira kufikira Labani atapita kukameta nkhosa, nasonkhanitsa zace zonse, naoloka mtsinje wa Firate mobisa. Anali ndi cifukwa, pakuti anaopa kuti akazi ace adzalandidwa. Ndipo Labani uja, amene pambuyo pace ananena kuti akadamperekeza ndi nyimbo ndi ng'oma, sali munthu wokhulupirika pa mau otere. Komabe kuthawako sikunamfupikitsira ulendo. Labani anamva tsiku lacitatu, natenga abale ace, namlondola masiku 7, nampeza pa phiri la Gileadi. Ndipo pakadapanda Mulungu kumcenjeza m'kulota usiku, mwazi ukadakhetsedwa pamaso pa ana. Kukambirana kumene Yakobo anakuzemba ku Harana anakupeza kuli kumdikira pa phiri, ndipo tsopano kunali ndi mikondo.

Cimene cinamuimiritsa tsiku lomwelo sicinali kucenjera kwace ndi ndodo zosendedwa za pa zomwera, koma mbiri ya nchito yace. Anatha kuyang'ana Labani m'maso ndi kuwerenga: kuti m'zaka 20 nkhosa ndi mbuzi sizinapoloza m'manja mwace, kuti sanadya nkhosa zamphongo za m'khola, kuti cogwidwa ndi cirombo analipira yekha, kuti dzuwa linamtentha usana ndi cisanu usiku, tulo osabwera. Zaka 6 zotsiriza, zimene anazigwira mtima uli kwao, anaziwerenga pamodzi ndi 14 zoyamba, ndipo Labani sanapeza cosiyanitsa pakati pa izo. Analibe coyankha, koma kupempha pangano.

Tsono anaimika mwala, naunjika mulu wa miyala, naucha Mizipa, kuti Mulungu akhale mlonda pakati pao pamene sadzaonananso; napangana kuti wina asapitirire muluwo kukacitira mnzace coipa. Yakobo anapha nsembe, naitana onse kudya, nagona pa phiripo. M'mamawa Labani anapsompsona ana ace akazi ndi adzukulu ace, nawadalitsa, nabwerera ku Harana. Ndipo Yakobo anapitirira ulendo wace wa ku Kanani, kumene amithenga ace anabwera kudzamuuza kuti Esau mkuru wace alikudza kukomana naye, ali ndi amuna 400.